Mfuti ikakana kulira

Chipolopolo choyamba chinalira bwinobwino. Chachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu panangomveka kuti khethe, kenaka zii. Mwana wa mlongo wanga, amene ndinamunyamulapo ali wakhanda ndipo lero ndi bambo wa ana awiri, anatsitsa mikono n'kutembenuka thupi lonse kuti andiyang'ane. Mfuti inali m'manja, chala chili pa thiriga.

"Amalume, yatani kodi?"

Kukamwa kwa mfutiyo kunali kutaloza pamchombo panga. Sindinakuwe, chifukwa munthu akadzidzimuka amafinya zala. Ndinangoika chikhatho pamkono pake n'kuukankha pang'onopang'ono mpaka mfuti inayang'ananso ku mulu wa dothi umene unali kuseri kwa chandamale. Kenaka ndinamuuza kuti achotse chala pa thiriga. Thukuta linadzandituluka pambuyo pake, titakhala pansi.

Ndinagwira ntchito ya upolisi zaka 27, ndipo zina mwa zaka zimenezo ndinkaphunzitsa achinyamata kagwiridwe ka mfuti. Pano ndinapuma, ndimakhala ku Chinsapo chakufupi ndi msewu wa ku Likuni, ndipo ndimaweta nkhuku. Zimene anachita mnyamatayu tsiku limenelo ndinaziona kambirimbiri, kwa ophunzira anzeru ndi aulesi omwe. Foni ikazima timaitembenuza. Wailesi ikasiya kulankhula timaigwedeza n'kuisuzumira kumbuyo. Manja athu anazolowera kuti chinthu chikakana, uchibweretse kumaso, kapena uonetse mnzako. Chizolowezi chimenechi n'chabwino pa katundu yense wa m'nyumba, kupatula mfuti.

Mnyamatayu amagula soya ndi mtedza ku Mitundu, ku Malingunde ndi ku Nsundwe, ndipo nyengo yokolola amayenda ndi ndalama zambiri m'chikwama. Anamuchita chiwembu kawiri. Atandiuza kuti akufuna mfuti ndinamuletsa. Ndinati alimi ambiri tsopano amalandira ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo mfuti m'nyumba ya ana awiri ndi katundu wolemera kuposa thumba lililonse la soya. Mpaka lero maganizo anga ndi omwewo. Koma iye ndi wamkulu, ndipo anatsata njira yake. Lamulo la mfuti la dziko lino, Firearms Act ya 1967, limafuna kuti aliyense wosunga mfuti ndi zipolopolo akhale ndi chiphaso. Anapempha kudzera ku polisi, amene likulu lawo lili ku Area 30, anadikira nthawi yaitali, ndipo chiphaso chinatuluka. Madzulo ena mayi ake anafika kwathu, osalola n'kukhala pampando. "Achimwene, mwana wanu uja wagula. Mukapanda kumuphunzitsa inuyo, amuphunzitsa mafilimu."

Choncho tinapita ku malo ovomerezeka ophunzirira kuwombera, kunja kwa mzinda, kumene kuli mulu wa dothi wotchinga zipolopolo ndi munthu woyang'anira. Ndikunena izi poyambirira chifukwa ndamvapo ena akuti amakayesera mfuti kudambo kapena m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe. Mutu wa chipolopolo cha 9mm umalemera pafupifupi magalamu 8 okha, koma umatuluka pa liwiro loposa mamita 300 pa sekondi imodzi, ndipo ukapita m'mwamba ungathe kukagwa patali kuposa kilomita imodzi ndi theka. Yang'anani mmene nyumba zathu zinathithikanira kuno ku Chinsapo, ku Mgona kapena ku Kawale. Lata silitchinga kanthu. Chitseko cha thabwa ndi chimodzimodzi. Kulibe mbali imene mungalozeko mfuti kuno popanda mwana wa munthu kuseri kwake.

Makina amene amadzitumikira okha

Kuti mumvetse chifukwa chake pistol imakanirira, pitani mukaime pakhonde pa telala pamsika. Makina ake osokera amayenda bwino pokhapokha ulusi wa pamwamba, ulusi wa pansi, singano ndi phazi la mwini wake zikugwirizana. China chikachedwa pang'ono, ulusi umapotana. Pistol ya mtundu wa semi-automatic ilinso chimodzimodzi, kungoti mphamvu yoyendetsera zonse imachokera ku chipolopolo chimene changolira kumene.

Ukakhethemula, kamsomali ka m'kati kamamenya kabatani kamene kali kumatako kwa chipolopolo. Kabataniko kamayatsa wonga, wonga umapsa mwamphamvu, ndipo mpweya wake umakankha mutu wa chipolopolo kudutsa mu mpope. Mpweya umenewu si wamasewera: mphamvu yake imaposa ya mpweya wa m'tayala la galimoto pafupifupi ka 1,000. Mphamvu yomweyo imakankhira kumbuyo chitsulo cha pamwamba chotsetsereka chija, chimene timachitcha slide. Pobwerera m'mbuyo, slide imakoka khoko lopanda kanthu ndi kambedza kakang'ono, khokolo limagunda kachitsulo kena n'kuulukira kunja kudzera pa kazenera ka m'mbali. Kenaka sipuling'i imabweza slide kutsogolo, ndipo podutsa imatola chipolopolo cha pamwamba m'magazini n'kuchilowetsa m'chemba, kumene chimadikira kukhethemula kwina. Zonsezi zimatha munthu asanaphethire.

Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa agogo athu ambiri. Mmisiri wa ku America, John Moses Browning, ndi amene anaikhwimitsa, ndipo asilikali a dziko lake anayamba kugwiritsa ntchito pistol yake mu 1911. Iye anamwalira mu 1926 akukonza ina, imene Dieudonné Saive anaimaliza ku fakitale ya FN ku Herstal, m'dziko la Belgium. Inatuluka mu 1935 ndi dzina lakuti Browning Hi-Power, yonyamula zipolopolo 13, ndipo inafalikira m'maiko ambiri amene ankalamulidwa ndi Britain. Ndi imene ine ndinaphunzirira. Glock 17, imene achinyamata amaidziwa m'mafilimu, inatengedwa ndi asilikali a ku Austria mu 1982, ndipo thupi lake la pansi ndi la pulasitiki wolimba. Koma mukaitsegula, mupeza kuti kayendedwe kake ndi ka Browning komwe kaja. Choncho matenda ake ndi amodzi.

Khethe wopanda kulira

Tibwerere kwa mnyamata wanga uja. Mfuti yanena kuti khethe, siinalire. Pali zinthu zitatu zimene zingakhale zitachitika, ndipo poyang'ana kunja simungadziwe kuti ndi chiti. Mwina m'chemba mulibe chipolopolo. Mwina chilimo koma n'chakufa. Kapena chilimo, kabatani kamenyedwa, ndipo moto ukunyeka pang'onopang'ono m'kati, uli m'njira. Chachitatuchi sichichitika kawirikawiri, koma ndi chimene chimapangitsa kuti wophunzira aliyense ndizimuuza mawu amodzimodzi: mfuti iyang'anebe ku chandamale, chala chichoke pa thiriga, uwerenge mpaka 30 mosathamanga. Chipolopolo chochedwa chingathe kulira patapita kanthawi kochepa kwambiri kapena masekondi angapo. Chikalira mfuti ikuyang'ana dothi, palibe mlandu. Chikalira iwe utaitembenuzira kwa amalume ako, kapena utatsegula slide nkhope ili pafupi, nkhani yake ndi ina. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masekondi 30 ndi aatali kwambiri kwa munthu amene mtima ukugunda. Ndimawauza kuti aziwerenga mokweza kuti ndizimva.

Nthawi itakwana, tinachotsa magazini, tinakoka slide, ndipo m'chemba simunatuluke kanthu. Magazini inali isanakhale bwino. Iye anailowetsa mwaulemu, ngati akuika dzira m'thumba, ndipo chifukwa inali yodzaza, sipuling'i yake inali yolimba moti sinafike pokola. Zipolopolo ziwiri zinakwera mwamwayi, kenaka kugwedezeka kunaitsitsa pang'ono, slide n'kudutsa pamwamba osatola kanthu. Ili ndiye vuto loyamba la ophunzira ambiri. Magazini imafuna kumenyedwa ndi chikhatho kunsi kwake, kamodzi, mwamphamvu, kenaka uikoke pang'ono kuti utsimikize kuti yakola.

Apa ndi pamene panachokera njira imene apolisi ndi asilikali amaiphunzira mpaka italowa m'magazi: menya magazini, koka slide mpaka kumapeto n'kuisiya ibwerere yokha, kenaka yang'ana ngati kuli kofunikabe kuwombera. Njirayi imachiza mavuto ambiri m'sekondi imodzi kapena ziwiri. Inapangidwira munthu amene ali pakati pa zoopsa ndipo alibe nthawi yodikira. Wophunzira amene waima kutsogolo kwa pepala sakuthamangitsidwa ndi aliyense. Ayambe wadziwa kudikira ndi kuyang'ana, changu chidzabwera pambuyo. Ndipo pali vuto limodzi, ndifikapo, limene njira yachanguyi imalisandutsa ngozi.

Pokoka slide palinso kulakwitsa kwina kumene ndimakuona kwa anthu aulemu. Amaikoka, kenaka n'kuiperekeza kutsogolo ndi dzanja. Slide siifuna kuperekezedwa. Ikapita mwaulesi siitsekeka mpaka kumapeto, imatsala pang'ono ngati chitseko chotupa ndi mvula, ndipo mfuti yopangidwa bwino imakana kulira ikakhala choncho. Chala chachikulu chikamakhudza slide pamene ikuyenda zimachitikanso zomwezi.

Tsiku lomwelo, magazini yachiwiri, khoko linakanirira pa kazenera, litaimirira ngati ndudu pakamwa pa munthu. Mnyamatayu anati mfuti ndi yachabechabe, anamugulitsa yakufa. Ndinaitenga n'kuwombera zipolopolo zisanu popanda vuto. Sikuti ndili ndi mankhwala. Slide imafuna chinthu cholimba choti itsamire pobwerera m'mbuyo, ndipo chinthucho ndi dzanja lako. Mkono ukakhala wolobodoka, mfuti yonse imathawira kumbuyo pamodzi ndi slide, mphamvu imatayika, ndipo khoko limatsekeredwa lisanatuluke. Zili ngati kukhoma msomali pa thabwa limene wina waligwira m'malere. Iye ankaopa kulira kwa mfuti, ndiye ankaigwira ndi nsonga za zala, chapansi. Titakweza dzanja lake mpaka pamwamba pa chogwirira, dzanja lamanzere n'kukulunga lamanja, mfundo za manja zitalimba, vutolo silinabwerenso. Likamabwerabe kwa munthu wogwira bwino, ndiye kuti zipolopolo ndi zofooka, kapena kambedza kaja katha kapena kadzaza litsiro.

Vuto lovuta kumasula ndi la zipolopolo ziwiri zolimbirana khomo limodzi. Khoko kapena chipolopolo chatsala m'chemba, ndipo slide yabweretsa china n'kuchikanikiza kumbuyo kwake. Slide imaima pakati, magazini imakana kutuluka, ndipo ukamenya ndi kukoka umangowonjezera kuthina, ngati minibasi ziwiri zokanirirana pa mlatho wopapatiza. Apa m'pamene ophunzira amayamba kulimbana ndi mfuti, kuiika pakati pa maondo, kuikanikiza pamimba, kukamwa kwake kukuyendayenda. Njira yake ndi yodekha. Kokera slide kumbuyo n'kuikola ndi kachitsulo kake kuti sipuling'i isakanikizenso. Zula magazini ndi mphamvu. Koka slide katatu kuti chotsalira chigwe. Yang'ana m'chemba ndi maso. Khoko likakakamirabe, mfutiyo yamaliza ntchito ya tsiku limenelo. Osalitokosa ndi mpeni kapena waya.

Kulira kwachilendo

Amene tinakulira m'mavidiyo a m'makomboni timamudziwa Bruce Lee. Mwana wake, Brandon Lee, anafa pa 31 March 1993 ku Wilmington, North Carolina, ali ndi zaka 28, akujambula filimu yotchedwa The Crow. Anthu okonza zida za filimuyo anachotsa wonga m'zipolopolo zenizeni kuti zizingooneka pa kamera, koma kabatani koyatsira kanatsala kamoyo. Wina atakhethemula, kamphamvu kochepako kanakankha mutu wa chipolopolo n'kuusiya pakati pa mpope. Palibe amene anasuzumiramo. Pambuyo pake anaikamo chipolopolo chongolira, chopanda mutu koma chodzaza wonga, ndipo mpweya wake unatulutsa mutu wotsalira uja ngati chipolopolo chenicheni. Unamulasa pamimba. Mfutiyo inali revolver, koma phunziro lake limakhudza mfuti iliyonse yokhala ndi mpope.

Chipolopolo chopanda wonga wokwanira, kapena chimene wonga wake unanyowa, chimalira mofooka. M'malo mwa phokoso logwedeza chifuwa umamva kuti phu, mfuti siikankha dzanja monga mwa masiku onse, nthawi zina pamatuluka kautsi pa kazenera, ndipo pa chandamale sipaoneka bowo latsopano. Kawirikawiri slide siibwerera mokwanira, choncho wowombera amaganiza kuti ndi vuto wamba. Akamenya magazini, kukoka slide n'kukhethemula, chipolopolo chatsopano chimakagunda chinzake mu mpope wotsekeka. Mpweya uja wa mphamvu ka 1,000 umasowa kolowera. Mpope umatupa kapena kung'ambika, ndipo zala ndi maso zili pomwepo.

Ndiye ndinamuuza mnyamata wanga kuti makutu ndi dzanja ndi amene amayamba kudziwa. Kulira kukasiyana ndi kwa nthawi zonse, ima. Chotsa magazini, tulutsa za m'chemba, masula mfuti, ndipo mpope ukauchotsa pawokha ndi pamene ungauyang'ane ku kuwala kuchokera kumbuyo kwake. Kuwala kukapanda kudutsa, usayese kuwombera kuti chotsekacho chituluke. Ndipo palibe tsiku, ngakhale limodzi, limene diso la munthu liyenera kusuzumira kukamwa kwa mfuti yosamasula.

Kodi zipolopolo zoterezi zimachokera kuti? Za m'bokosi la kufakitale, zogulidwa kwa wogulitsa wovomerezeka, sizichita izi kawirikawiri. Zovuta ndi zija zoyenda m'matumba. Nkhondo ya ku Mozambique inatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 October 1992, koma zida zambiri zinatsala zokwiriridwa m'nkhalango, moti kuyambira 1995 apolisi a ku Mozambique ndi a ku South Africa ankazifukula n'kuziphwanya pa ntchito yotchedwa Operation Rachel. Zina zinawoloka malire n'kulowa kuno. Chipolopolo chimene chagona m'dothi kapena m'denga lodontha zaka 30 sichingakuuze zimene zili m'mimba mwake. Kuchigula ndi mlandu, ndipo kuchiika mu mfuti yako ndi kubetcha zala zako. Chilichonse chobiriwira ndi dzimbiri, chophwanyika pakhosi, kapena chimene mutu wake wamira m'khoko, chipite kwa apolisi kapena kwa woyang'anira malo owomberera, osati kudzala kumene ana amatola zinthu ndipo zinyalala timazitentha.

Palinso msampha wa dzina. Anthu amangoti "naini", koma manaini alipo angapo. Chofala kwambiri ndi 9x19, chimene Georg Luger anatulutsa mu 1902. Pistol ya Makarov ya ku Soviet Union, imene ilipo yambiri m'chigawo chino cha Africa, imadya 9x18, chachifupi pang'ono koma chonenepa pang'ono. Palinso 9x17, chimene ena amachitcha .380. Pa maso a wophunzira zonsezi n'zofanana, ndipo zina zimalowa ndithu m'magazini ya mfuti yosakhala yake. Nambala yolembedwa pa mfuti, ya pabokosi ndi ya kumatako kwa chipolopolo ziyenera kunena chinthu chimodzi.

Fumbi la kwathu

Amene amakhala kuno amadziwa mmene September ndi October amakhalira. Ukapukuta tebulo m'mawa, pofika masana ungalembepo dzina. Njinga za kabaza ndi malole a mchenga zikadutsa, fumbi lofiira limalowa mpaka m'kabati yotseka. Ndiye taganizani pistol imene yayenda tsiku lonse m'chiuno mwa munthu pa msewu wa ku Malingunde, mwini wake ataithira mafuta ambirimbiri chifukwa choikonda. Mafuta ndi fumbi zikakumana zimapanga phala, ndipo phalalo limachedwetsa slide. Timadontho tochepa m'njanji zimene slide imayendamo ndi kunja kwa mpope n'tokwanira. M'kabowo ka kamsomali musalowe mafuta, chifukwa akauma amakafooketsa, ndipo mumayamba kuona zipolopolo zongokandidwa pang'ono kumatako osalira. Mafuta ophikira ayi, amamata. Mvula ikayamba mu December mdani amasintha, amakhala dzimbiri, makamaka pa mfuti imene imakhudza thukuta la thupi.

Magazini ndi imene anthu amaiiwala, chonsecho mavuto ambiri amabadwira m'menemo. Ikagwa pa simenti milomo yake ya pamwamba imapindika pang'ono, mosaoneka, ndipo chipolopolo chimayamba kukwera chopendekera. Ndinamuuza mnyamatayu kuti alembe manambala pansi pa magazini zake ziwiri, 1 ndi 2, ndipo mfuti ikakanirira azilemba m'kabuku kuti inali iti. Vuto likamatsata nambala imodzi, wapeza wolakwa popanda kumasula chilichonse.

Kuno ku Chinsapo tili ndi amisiri aluso. Owotcherera athu amapanga mageti, mawilibala ndi mbaula zimene zimagulidwa mpaka ku Area 47. Koma mfuti isapite kwa iwo, ndipo isaone tupa la mwini wake. Kachitsulo kamene kamagwira kuti mfuti isalire yokha n'kakang'ono kuposa chikhadabo, ndipo ukakapala pang'ono mfuti ingathe kulira itangogwa pansi. Kambedza kakathyoka kapena sipuling'i ikatopa, funsani kwa wogulitsa wovomerezeka kapena ku polisi kumene munatenga chiphaso kuti akulozereni munthu woyenera.

Chimene chimandidzutsabe usiku

Chaka china, ndili pa ntchito, wophunzira wina mfuti yake inakanirira chakumapeto kwa tsiku. Anaimasula bwino, ndipo posangalala kuti wakwanitsa, anafuna kuitsitsa kuti akaibweze. Anakoka slide, chipolopolo chinagwa pansi, anachiona ndi maso ake. Kenaka anachotsa magazini. M'mutu mwake mfuti inali yopanda kanthu. Koma pamene slide inkabwerera kutsogolo magazini inali ikadali m'malo, ndiye inatola china. Anakhethemula ataloza pansi, pa simenti, ndipo chipolopolo chinanjanja n'kulowa m'kakolo mwa mnzake amene anagona naye chipinda chimodzi miyezi yonse ya maphunziro. Mnzakeyo anachira koma amatsimphina mpaka lero. Ine ndinali mamita ochepa kuchokera pamenepo, nditayang'ana kwina. Ndimawakumbukira onse awiri, ndipo amene ndimamumvera chisoni kwambiri sindidziwa kuti ndi uti.

Dongosolo lake silisintha: magazini iyambe kutuluka, kenaka slide ikokedwe, kenaka ikoledwe kumbuyo, uyang'ane m'chemba ndi maso, ulowetsemo kachala kuti nako kachitire umboni. Browning Hi-Power yambiri inapangidwa kuti isalire magazini ikachotsedwa, ndipo anthu amene anaizolowera amaganiza kuti mfuti zonse zili choncho. Glock imalira popanda magazini. Zambiri zimalira. Msilikali wina wa ku America, Jeff Cooper, amene anatsegula sukulu ya kuwombera ku Arizona mu 1976, anafalitsa malamulo anayi amene aphunzitsi ambiri padziko amawatsata. Mwachidule amanena kuti mfuti iliyonse uziyiyesa yodzaza, usailoze pa chinthu chimene sukufuna kuchiwononga, chala chisakhale pa thiriga usanalunjike, ndipo udziwe chimene ukuwombera ndi chimene chili kuseri kwake. Ubwino wa malamulowa ndi wakuti amatchingirana. Wophunzira uja akanaloza ku mulu wa mchenga, kulakwitsa kwake kukanathera pa manyazi.

Kunyumba nkhani ndi yomweyo. Mwana wa zaka zisanu amadziwa kale pamene bambo ake amabisa zinthu, kaya ndi pansi pa matiresi kapena pamwamba pa kabati. Ndinakana kupitiriza maphunziro mpaka mnyamatayu atagula bokosi lachitsulo lokhoma n'kulimangirira kukhoma, zipolopolo n'kuzisunga pena. Mkazi wake ndi amene anandithandiza kumukakamiza. Ndinamuuzanso kuti tsiku limene walawa mowa, ngakhale botolo limodzi, kiyi wa bokosilo asamukhudze.

Tinabwerera ku malo owomberera Loweruka lachinayi. Pali zipolopolo zophunzitsira, zapulasitiki, zopanda wonga ndi kabatani komwe, ndipo ndinabisa chimodzi pakati pa zenizeni m'magazini nambala 2 iye akuyang'ana kwina. Anawombera kanayi, mabowo anayi pafupipafupi, chakumanzere pang'ono. Kachisanu, khethe.

Ndinayang'ana mapazi ake. Sanasunthe. Chala chinatuluka n'kugona m'mbali mwa mfuti, mikono ili chitambasukire ku mulu wa dothi, ndipo ndinamumva akuwerenga, mawu akunjenjemera pang'ono. Pa 17 ntchentche inatera pamphuno pake, anangoipirira. Atafika 30 anachotsa magazini, anakoka slide, kapulasitiki kofiira kanagwera m'fumbi. Anakola slide, anasuzumira m'chemba, analowetsamo kachala. Kenaka anaika mfuti pa tebulo, kukamwa kwake kuli ku dothi, anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, ndipo apo m'pamene anatembenuka.

"Amalume, ndi inu mwaikamo ichi?"

Ndinavomera. Anatola kapulasitikiko, anakapukuta pa thalauza n'kundipatsa, ndipo anandipempha kuti sabata yamawa ndidzabise ziwiri, osamuuza magazini yake.